Mfuti Pakati pa Ana—Kodi Liwongo la Mwazi Lili pa Yani?

Musanayambe phunziro lino, ŵerengani Eksodo 21:28-32 ndi Deuteronomo 22:8.

1, 2. (a) Kodi nchiyani chinachitika ku Uvalde, ndipo kodi chinali choyamba? (b) Kodi nchifukwa ninji ambiri a ife timalingalira kuti vutoli nlakutali?

PA May 24, 2022, mnyamata wina wazaka 18 analoŵa m'sukulu ya pulaimale m'tauni ya Uvalde, ku Texas, United States, atanyamula mfuti yamphamvu imene anagula mololedwa ndi lamulo atangokwanitsa kumene zaka zimenezo. Iye anapha ana 19 ndi aphunzitsi aŵiri. Apolisi ndi antchito ena achitetezo okwanira 376 anasonkhana pasukulupo, komabe panapita mphindi 77 asanaloŵe m'kalasi mmene munali wakuphayo. M'nthaŵi imeneyo ana ena amene anali akali moyo m'kalasimo anali kuimbira apolisi foni monong'ona, akumachonderera kuti athandizidwe.

2 Chimenecho sichinali choyamba. Ku Dunblane, Scotland, ana 16 ndi mphunzitsi wawo anaphedwa mu March 1996. Pasukulu ya Columbine, ku United States, anafa ophunzira 12 ndi mphunzitsi mmodzi mu April 1999, ndipo pa Sandy Hook anafa ana 20 ndi achikulire asanu ndi mmodzi mu December 2012. Kholo la ku Chitungwiza, Zimbabwe, limene limamva mbiri zoterozo lili m'kombi popita kuntchito ku Harare, lingangopukusa mutu ndi kunena kuti ameneŵa ndi matenda a maiko akutali. Ndipo lili ndi chifukwa chonenera motero. Bungwe la Small Arms Survey la ku Geneva linayerekezera kuti mu 2017 anthu wamba ku United States anali ndi mfuti pafupifupi 120 pa anthu 100 alionse, pamene ku Zimbabwe zinali zosakwana zitatu.

3. Kodi nzochitika zotani zimene zimasonyeza kuti mfuti zafika kale pazipata za sukulu zathu?

3 Nzoona kuti kuphedwa kwa ana ochuluka chotero m'kalasi sindiyo nsautso yathu ya masiku onse. Komabe akale anati chaona mnzako chapita, maŵa chili pa iwe. Mu January 2023 mwamuna wina amene kale anali wapolisi wofufuza milandu anaimbidwa mlandu wa kuwombera ndi kupha anthu atatu ku Hwedza, mmodzi wa iwo ali mkulu wa apolisi a kumeneko. Malinga ndi mlanduwo, m'kuthaŵa kwake iye anafika pasukulu ya Mutare Boys High ndi kuwombera wantchito wina wa pasukulupo, koma zipolopolo zinamphonya. Anakagwidwira ku Mozambique. Ndiponso, kaŵirikaŵiri panyengo yotsegulira sukulu apolisi a Zimbabwe amachenjeza aphunzitsi aakulu kuti asasunge ndalama za fizi m'maofesi mwawo, popeza kuti mbala zamfuti zimadziŵa bwino lomwe mlungu umene makolo amalipira. Chotero funso ili nlathu tonsefe, kaya tikukhala ku Zengeza, ku Ndirande, ku Chipata, kapena ku Tete: Mwana akafa ndi chipolopolo, kodi Mulungu amafunsa yani?

4. Kodi Chilamulo cha Mose chinaika liwongo la mwazi pa wakupha yekha?

4 Yankho loyamba nlosavuta. Wakupha ali ndi mlandu. Kuyambira m'masiku a Nowa, Mulungu anadziŵitsa anthu kuti adzafuna yankho kwa aliyense wokhetsa mwazi wa mnzake, chifukwa chakuti munthu anapangidwa m'chifaniziro cha Mlengi wake. (Genesis 9:5, 6) Koma Chilamulo chimene Yehova anapatsa Israyeli sichinalekezere pa munthu amene dzanja lake linakantha. Icho chinaika liwongo la mwazi pa enanso, amene mwinamwake sanalipo nkomwe pamene imfayo inachitika. Ngakhale kuti Akristu sali pansi pa Chilamulo chimenecho, ziweruzo zake zimatisonyeza kalingaliridwe ka Mulungu, ndipo iye sasintha.—Malaki 3:6, Aroma 15:4.

Ng'ombe Yodziŵika Kuti Imagunda

5. Kodi mpamene zinthu zinali motani pamene mwini ng'ombe anakhala ndi mlandu wa imfa?

5 Aliyense amene anaŵetapo ng'ombe ku Dedza, ku Katete, kapena ku Angónia amadziŵa kuti m'mudzi simuloŵa ng'ombe yaukali popanda anthu kuidziŵa. Ana oŵeta amaitchula ndi dzina, ndipo akazi opita kudambo amailambalala. Chilamulo chinasiyanitsa milandu iŵiri. Ngati ng'ombe yofatsa inagunda munthu mwadzidzidzi, iye nafa, ng'ombeyo inaponyedwa miyala ndipo nyama yake sinadyedwe, koma mwiniwake analibe mlandu. Komano ngati ng'ombeyo inali ndi chizoloŵezi cha kugunda, mwiniwake nachenjezedwa koma osaisunga bwino, pamenepo iyenso anayenera imfa, kusiyapo ngati analoledwa kupereka dipo lowombolera moyo wake. Taonani kuti munthuyo sanade wakufayo. Sanakonze chiŵembu. Mwina anali kumunda, kapena anali mtulo. Mlandu wake unali wakuti anadziŵa, anauzidwa, ndipo sanachitepo kanthu. Ndiyeno vesi 31 likuwonjezera mfundo imene tiyenera kuimapo: chiweruzocho chinali chimodzimodzi ngati wogundidwayo anali mwana wamwamuna kapena wamkazi. Kwa Mulungu mwazi wa mwana sunali wotsika mtengo.

6, 7. (a) Kodi mlandu wa ku Oxford, Michigan, ukufanana motani ndi lamulo la ng'ombe? (b) Kodi ofufuza anapeza chiyani ponena za kumene mfuti zimachokera?

6 Khoti lina la ku Michigan, United States, linaweruza mlandu wofanana kwambiri ndi umenewu. Pa November 26, 2021, bambo wina anagulira mwana wake wazaka 15 mfuti yaing'ono ya m'manja monga mphatso. Patapita masiku anayi, m'maŵa, mphunzitsi wa pa Oxford High School anapeza kuti mnyamatayo anajambula papepala la masamu mfuti ndi munthu wokha mwazi, nalembapo mawu opempha chithandizo. Makolo anaitanidwa kusukulu. Iwo sanamtenge kumka naye kunyumba, ndipo sanatchule kuti mwanayo anali ndi mfuti. Palibe amene anatsegula chikwama chake. Masana a tsiku lomwelo iye anapha ophunzira anzake anayi. Mu 2024 bambo ndi mayi ake anapezedwa ndi mlandu wa kupha anthu mwa kunyalanyaza, ndipo aliyense analamulidwa kukhala m'ndende zaka 10 kufikira 15.

7 Kodi banja limenelo linali lachilendo? Mu 2019 bungwe la Secret Service la dzikolo linafalitsa zimene linapeza litapenda ziukiro 41 za m'masukulu. Mwa ana 25 amene anagwiritsira ntchito mfuti, 19 anaitenga m'nyumba ya makolo awo kapena ya wachibale. Ndipo ochuluka a oukirawo anali atauzako munthu wina pasadakhale zimene anafuna kuchita. Ng'ombeyo inali yodziŵika.

8. Kodi nchifukwa ninji kusunga chida m'nyumba za m'matauni athu kuli kwaupandu kwambiri?

8 Pakati pathunso pali eni mfuti: apolisi, asilikali, alonda, alimi, amalonda, ndi okumba golidi. Lamulo la Zimbabwe limafuna kuti munthu wamba akhale ndi chiphaso cha mfuti yake ndi kuti aisunge pamalo okhoma. Koma talingalirani mmene timakhalira. Chitungwiza, tauni imene inapangidwa mu 1978 mwa kuphatikiza Seke, Zengeza, ndi St Mary's, inali ndi anthu oposa 370,000 pakalembera wa mu 2022. Mabanja ambiri amachita lendi chipinda chimodzi kapena ziŵiri, ndipo makolo amachoka mbandakucha ndi kubwerako kutada. Kodi m'chipinda chotero muli malo amene mwana wazaka khumi sanafikemo? Iye amadziŵa za kunsi kwa matiresi ndi za pamwamba pa kabati, ndipo amadziŵanso kumene kiyi imagona. Bambo amene amati mwana wanga sadziŵa kumene ndinaibisa amadzinyenga yekha.

9. Kodi tikuphunziranji pa tsoka la ku Zengeza la mu 2013?

9 Anthu a ku Chitungwiza anaona ndi maso awo chimene chimachitika pamene zinthu zakupha ziloŵetsedwa m'nyumba zothinana. Pa January 21, 2013, nyumba ina ku Zengeza 2, mmene munali kukhala sing'anga, inaphulika masanasana. Anthu asanu anafera pomwepo, ndipo nyumba zoyandikana nayo zinagumuka. Kwa masiku ambiri m'makombi ndi m'misika munadzaza nkhani za mizimu, za mphezi yotumizidwa, ndi za zizimba zimene zinapandukira eni ake. Koma apolisi atafufuza ananena kuti kuphulikako kunachititsidwa ndi zinthu zophulitsira. Pakati pa akufawo panali khanda la miyezi isanu ndi iŵiri. Nkosavuta kukankhira mlandu pa mizimu, pakuti mizimu siitanidwa kukhoti. Komabe zinthu zimenezo sizinadziloŵetse zokha m'nyumbamo. Munthu wina anazinyamula, nadutsa nazo pakati pa ana oseŵera m'khwalala.

Kampanda pa Tsindwi

10. Kodi lamulo la kampanda linasiyana motani ndi lamulo la ng'ombe?

10 Nyumba za m'Israyeli zinali ndi matsindwi athyathyathya, ndipo anthu anali kukhalapo monga momwe ife timakhalira pakhonde. Rahabi anayanika fulakesi patsindwi, Samueli analankhula ndi Sauli pamenepo, ndipo mtumwi Petro anakwerapo kukapemphera. (Yoswa 2:6, 1 Samueli 9:25, Machitidwe 10:9) Chotero Deuteronomo 22:8 analamula womanga nyumba yatsopano kuzinga tsindwi lake ndi kampanda, kuti munthu angagwe ndi kudzetsa liwongo la mwazi panyumbayo. Lamuloli linapitirira la ng'ombe. Mwini ng'ombe anali atachenjezedwa kale, koma kampanda kanayenera kumangidwa nyumbayo ikali yatsopano, munthu asanagwepo ndi mmodzi yemwe. Mwini nyumba akanatha kutsutsa kuti nyumba njake, kuti iye ngwosamala, ndi kuti njerwa nzokwera mtengo. Koma kampandako sikanali kake. Kanali ka mlendo wosadziŵa malire a tsindwi ndi ka mwana amene amathamanga osayang'ana.

11. Kodi maiko ena anachita chiyani ana ataphedwa, ndipo panakhala zotulukapo zotani?

11 Malamulo oletsa kufala kwa mfuti ali kampanda kotero. Pambuyo pa tsoka la ku Dunblane, makolo ndi anansi awo anasonkhanitsa maina pafupifupi 750,000 pachikalata chopempha boma kuchitapo kanthu, ndipo mu 1997 Britain inaletsa anthu wamba kukhala ndi pafupifupi mitundu yonse ya mfuti zazing'ono za m'manja. Zimenezo sizinathetse kupha konse, pakuti mu 2010 mwamuna wina wokhala ndi chiphaso cha mfuti anapha anthu 12 ku Cumbria. Komabe chiyambire 1996 kupha kwa mtundu wa Dunblane sikunachitikenso pasukulu ya m'dzikolo. Australia nayonso, anthu 35 ataphedwa ku Port Arthur mu April 1996, inagula kwa nzika zake mfuti zoposa 600,000 ndi kuziwononga. Ku United States zinthu zinayenda mwanjira ina. Miyezi inayi pambuyo pa Sandy Hook, lamulo lofuna kuti ogula mfuti ambiri afufuzidwe linalephera m'nyumba ya malamulo ya Senate. Lamulo lina linavomerezedwa mu June 2022, ana a ku Uvalde ataikidwa kale m'manda. Panthaŵiyo nkuti mu 2020 mfuti zitaposa kale ngozi zapamsewu monga chochititsa chachikulu cha imfa za ana ndi achichepere azaka 1 kufikira 19 m'dzikolo. Baibulo silimatchula chiŵerengero cha mfuti zimene dziko liyenera kulola, ndipo mikhalidwe ya maiko imasiyana. Koma wolamulira amene amayembekezera maliro asanamange kampanda sangapeze vesi lomkhalira kumbuyo.

12. Kodi tingayankhe motani munthu wonena kuti mfuti siipha, amapha ndi munthu?

12 Ena amati mfuti siipha, amapha ndi munthu. Mawuwo ali ndi choonadi, pakuti Yesu anaphunzitsa kuti kupha kumayambira mumtima, ndipo Kaini analibe mfuti. (Marko 7:21-23, Genesis 4:8) Koma tsindwi nalonso silikankha munthu, ndipo Mulungu analamulabe kuti likhale ndi kampanda. Mnyamata wokwiya amene wanyamula mwala angaletsedwe ndi anzake, ndipo pofika madzulo mkwiyo wake ungakhale utaphwa. Mfuti siipereka mpata umenewo. M'kamphindi kamene mphunzitsi akutembenuka kuchoka pabolodi, zonse zatha, ndipo madzi akatayika saoleka.

Lupanga m'Dzanja la Wolamulira

13. (a) Kodi Aroma 13 amaika thayo lotani pa olamulira? (b) Kodi Deuteronomo 21:1-9 anafuna chiyani kwa akulu a mudzi?

13 Pamene tiŵerenga Aroma chaputala 13, kaŵirikaŵiri timagogomezera thayo lathu la kugonjera olamulira ndi kukhoma msonkho, ndipo nkoyenera kutero. Komano chaputala chomwecho chimatcha wolamulira mtumiki wa Mulungu, woikidwa kaamba ka ubwino wa anthu ndi wopatsidwa lupanga kuti aletse ochita zoipa. Mtumiki aliyense amakayankha kwa mbuye wake. Salmo 82 limasonyeza Mulungu akuimba mlandu oweruza amene sanalanditse ofooka ndi ana amasiye. Ndiponso talingalirani za Deuteronomo 21:1-9. Mtembo ukapezeka kuthengo, wakupha osadziŵika, mlanduwo sunangotsekedwa. Oweruza anali kuyesa mtunda kufikira atapeza mudzi wapafupi koposa, ndipo akulu a mudziwo anayenera kupereka ng'ombe yaikazi, kusamba m'manja pamaso pa ansembe, ndi kulengeza poyera kuti sanakhetse mwaziwo ndipo sanaone pamene unakhetsedwa. Palibe amene anaganizira akuluwo kuti ndiwo anapha. Komabe Mulungu sanalole kuti m'dziko lake mufe munthu popanda wina waudindo kuimirira ndi kuyankhapo.

14. Kodi maboma athu alonjeza zotani ponena za ana ndi mfuti?

14 Maboma athu avomereza okha thayo limeneli. Anasaina pangano la Mitundu Yogwirizana la ufulu wa ana la mu 1989 ndi la maiko a mu Afirika la mu 1990. Chigawo 81 cha malamulo aakulu a Zimbabwe a mu 2013 chimalonjeza mwana aliyense chitetezo ku nkhanza ndi ku kunyalanyazidwa. Mu August 2001, mumzinda wa Blantyre, atsogoleri a maiko a SADC anasaina pangano la kulamulira mfuti ndi zipolopolo, akumalonjeza kuzilemba m'kaundula, kuziika zizindikiro, kusunga bwino zaboma, ndi kuwononga zosafunika. Mogwirizana ndi panganolo, kuyambira pa August 8 kufikira pa September 30, 2022, boma la Zimbabwe linalola anthu kupereka mfuti zopanda chiphaso popanda kuzengedwa mlandu, ndipo mazana angapo zinaperekedwa. Zimenezi nzoyamikirika. Koma Malemba amati nkwabwino kusawinda kusiyana ndi kuwinda osachita.—Mlaliki 5:4, 5.

15. Kodi chinachitika nchiyani ku South Africa pamene wosunga mfuti zaboma anakhala wosakhulupirika?

15 Abale athu ogwira ntchito ku Cape Town amadziŵa chimene chimachitika pamene khola la boma lenilenilo likhala lotseguka. Mkulu wa apolisi wotchedwa Christiaan Prinsloo anaikizidwa mfuti zimene zinayenera kuwonongedwa m'chigawo cha Gauteng. M'malo mwake, iye anagulitsa mfuti pafupifupi 2,400, ndipo zochuluka zinafika m'manja mwa magulu achifwamba a ku Cape Flats. Ofufuza anazigwirizanitsa ndi kuphedwa kwa anthu oposa 1,000, ndipo pakati pa ophedwa ndi ovulazidwa panali ana. Mu 2016 iye analamulidwa kukhala m'ndende zaka 18, ndipo mu 2023 mabanja a ophedwawo anasumira apolisi kukhoti. Chomvetsa chisoni nchakuti zina za mfutizo zinali zimene nzika zomvera lamulo zinapereka ndi manja awo, zikumakhulupirira kuti zikuchotsa upandu m'dziko.

16. Kodi Mkristu amaliona motani lupanga la boma likakantha achichepere?

16 Nthaŵi zina lupangalo limatembenukira ana amene linayenera kuwatetezera. Tsiku la Mwana wa mu Afirika, limene lakumbukiridwa pa June 16 chiyambire 1991, linaikidwa kaamba ka ana a sukulu a ku Soweto amene apolisi anawawombera mu 1976, pakati pawo Hector Pieterson wazaka 12. Ku Zomba, mu December 2001, wophunzira wa pa Chancellor College anafa atawomberedwa ndi apolisi pachionetsero cha ophunzira. Mu January 2019, pazipolowe zotsutsa kukwera mtengo kwa mafuta a galimoto, mnyamata wazaka 22 woseŵera mpira anawomberedwa ndi kufa m'dera la Makoni ku Chitungwiza. Zoonadi, ochita zipolowe anatentha ndi kufunkha zinthu, ndipo ku Bulawayo wapolisi anaphedwa. Komabe bungwe la boma loona za ufulu wa anthu m'Zimbabwe linanena kuti achitetezo anagwiritsira ntchito mphamvu yopambanitsa ndi zipolopolo zenizeni, ndi kuti anthu osachepera asanu ndi atatu anafa. Mkristu samaponya nawo miyala. Koma samachepetsanso mwazi woterowo chabe chifukwa chakuti wowomberayo anavala yunifomu. Yohane Mbatizi anauza asilikali kusachitira munthu aliyense chiwawa, ndipo Mulungu anadalitsa anamwino achihebri, Sifra ndi Puwa, amene anakana kupha makanda ngakhale kuti lamulo linachokera kwa Farao.—Luka 3:14; Eksodo 1:15-21.

Kodi Ife Tingachitenji?

17. Kodi achichepere ndi makolo angakhale motani ngati mlonda wa pa Ezekieli 33?

17 Mlonda amene anaona lupanga likudza koma osaliza lipenga anasenza mwazi wa ophedwawo. (Ezekieli 33:6) Achicheperenu, ngati mnzanu wa m'kalasi akusonyezani mfuti, chipolopolo, kapena mpeni, kapena ngati alankhula za kupha wina kapena kudzipha, kaya pamaso kapena pa WhatsApp, uzani mphunzitsi kapena kholo tsiku lomwelo. Kutero sindiko kupereka mnzanu. Mwinamwake mukupulumutsa iyeyo choyamba. Ngati mukuopa kudziŵika, ku Zimbabwe, Malaŵi, Zambia, ndi Mozambique kuli nambala yaulere ya 116 yothandiza ana. Ndipo inu makolo, mphunzitsi akakuitanani ponena za mwana wanu, musafike mutakonzekera kale kumtetezera. Wakutsina khutu ndi mnansi. Mnyamata amene amanyamula chida nayenso ndi mwana wa munthu, ndipo kaŵirikaŵiri amakhala atavutitsidwa kwanthaŵi yaitali ndi anzake, ndi nkhanza ya panyumba, kapena ndi mankhwala onga mutoriro, pamene achikulire anali otanganitsidwa.—Aefeso 6:4, Akolose 3:21.

18. Kodi Luka 22:36-38 amachirikiza kusunga mfuti kaamba ka kudzitetezera?

18 Bwanji nanga za kusunga mfuti kuti titetezere banja? Mantha a munthu amene mbala zinamthyolerapo nyumba usiku ngomveka. Ena amatchula Luka 22:36-38, pamene Yesu analankhula za kugula lupanga. Koma ŵerenganibe. Malupanga aŵiri anali okwanira kwa amuna 11, ndipo maola oŵerengeka pambuyo pake, pamene Petro anasolola limodzi, Yesu anamdzudzula, nachenjeza kuti odalira lupanga adzafa nalo, ndiyeno anachiritsa khutu la wovulazidwayo. (Mateyu 26:51, 52; Luka 22:51) Kumbukiraninso kuti mbala zimafunafuna mfuti monga momwe zimafunira ndalama, ndi kuti mfutiyo imakhalabe m'nyumba patsiku la mkangano, la moŵa, ndi la kupsinjika mtima. Awo amene ntchito yawo imafuna mfuti ayenera kudzisankhira okha pamaso pa Mulungu, koma lamulo la ng'ombe limagwira ntchito pa iwo mokwanira: ikhale yopanda zipolopolo, yokhomeredwa, zipolopolozo zili pamalo ena, ndipo kiyi isachoke pathupi pawo.

19. Kodi tingakumbutse motani olamulira za thayo lawo popanda kupanduka?

19 Kugonjera olamulira sikumatanthauza kukhala chete. Atamenyedwa popanda kuzengedwa mlandu ku Filipi, Paulo anaumirira kuti oweruza adze okha kudzamtulutsa, ndipo pambuyo pake anachita apilo kwa Kaisara. (Machitidwe 16:37-39, 25:11) Msonkhano wa makolo ukaitanidwa kusukulu, pitani. Funsani mwaulemu ngati mpanda uli wathunthu, ngati pachipata pali munthu amene amadziŵa oloŵa ndi otuluka, ngati fizi imalipiridwa kubanki, ndiponso amene mwana woopsezedwa angakamuuze. Kafunseni khansala ndi mkulu wa polisi ya kwanuko zimene zinalonjezedwa. Makolo a ku Dunblane sanatenthe nyumba iliyonse. Ndiyeno pemphererani olamulirawo, monga momwe 1 Timoteo 2:1, 2 amatilangizira, pakuti katundu amene asenza ngwolemera.

20. (a) Kodi matchalitchi a ku Mozambique anachitanji ndi mfuti zotsala kunkhondo? (b) Kodi muyenera kuchitanji ngati mudziŵa pamene pali chida chobisika?

20 Pomalizira pake pali zida zimene nkhondo zinatisiyira. Nkhondo ya ku Mozambique itatha mu 1992, mfuti zosaŵerengeka zinatsala m'maenje, m'nkhokwe, ndi m'madenga, ndipo zina zinaoloka malire kuloŵa m'Malaŵi, Zambia, ndi Zimbabwe. Mu 1995 bungwe la matchalitchi achikristu a m'dzikolo, motsogozedwa ndi Bishopu Dinis Sengulane, linayamba ntchito yosinthanitsa zida ndi makasu, likumatsatira ulosi wa pa Yesaya 2:4. Wopereka mfuti anali kulandira khasu, njinga, makina osokera, kapena malata, ndipo sanafunsidwe kumene anaitenga. Mfutizo zinadulidwa nthulinthuli, ndipo amisiri a ku Maputo anapanga ndi zidutswazo chifaniziro cha mtengo chimene chinaikidwa mu British Museum ku London mu 2005. Chiyambire 2017 bungwe la African Union linapatula mwezi wa September kukhala nyengo yopereka mfuti zosaloledwa, ngakhale kuti dziko lililonse limalengeza lokha masiku ndi malamulo ake. Mwina mumadziŵa pamene malume anu anakwirira mfuti imene anabwera nayo kunkhondo, kapena sutikesi imene malemu bambo anu anasiya. Yambani mwapita kupolisi, muli ndi mkulu wa mpingo kapena mfumu ngati mukuchita mantha, ndi kufunsa njira yoiperekera. Ngati chinthucho ndi bomba kapena chipolopolo chachikulu chadzimbiri, musachikhudze nkomwe, ndipo musamvere aliyense wonena kuti mkati mwake muli chuma chogulitsa. Chotsanipo ana, ikani chizindikiro pamalopo, ndipo itanani apolisi.